Magolovesi Pachingwe

"Chikwamacho chibwerere kumene wachitenga."

"Amayi, ku sikelo anena kuti mwezi uno ndikadikirire kuchipatala konko."

"Ndati chibwerere. Kuchipatalako ine ndakalambirako. Iwe wangopondako dzulodzuloli, lero ufuna undiphunzitse?"

Mtsikanayo anaima pakati pa balaza, chikwama chili m'manja, mimba ili kutsogolo. Pakhomopo ankamutcha Chete, dzina limene anampatsa apongozi akewo atangokwatiwa, poona kuti mwanayo ukamunena amangoyang'ana pansi. Mimbayi inali yake yoyamba, ndipo inali italowa mwezi wochira.

Apongoziwo dera lonse linkawadziwa kuti Anesi. Kunena zoona, unesi sanauphunzire. Anagwira ntchito yokolopa m'chipinda chochirira amayi pachipatala mpaka kupuma, koma anthu amatcha munthu potengera chitseko chimene amamuona akutulukira, ndiye dzinalo linawakanirira. Eni ake sanalikane. Ndani angakane kukwezedwa pantchito popanda mayeso?

Phokosolo linatulutsa mwana wawo, mwamuna wa Chete, mu shedi ya kuseri kwa nyumba. Iyeyu anali kalipentala, ndipo sabata imeneyo anali ataimika ntchito za anthu kuti amalize kabedi ka mwana. Analowa utuchi uli m'tsitsi, pensulo ili kukhutu.

"Kwagwanji m'mawa uno?"

"Funsa mkazi wako. Akusamuka."

"Sindikusamuka," anatero Chete motsitsa mawu. "Anamwino anati popeza mimbayi ndi yoyamba, komanso matenda aja a kunjira yoberekera abwereranso, ndisadikire kunyumba. Anatinso nsupa ikasweka ndisagone nayo, kaya kupweteka kwayamba, kaya sikunayambe."

"Amauza aliyense zimenezo," Anesi anadula. "Ndi nyimbo ya pa sikelo, ine ndikhoza kukuimbira yonse ndi kolasi yomwe. Chimene sakuuza n'chakuti ukafika msanga amakugoneka pakhonde, pasimenti, n'kumakudumpha ngati thumba la makala. Ukabuula amati, mayi inu, munabwereranji nthawi isanakwane? Tsiku likadutsa usanachire dokotala amatopa nawe, basi mpeni. Ine ndakolopa magazi a atsikana ofulumira ngati iweyo. Kuthamanga si kufika, mwananga."

"Zengerezunso adalinda kwawukwawu," Chete ananong'ona.

"Wati chiyani?"

"Palibe, amayi."

Kalipentala anakanda m'mutu, utuchi n'kugwera pamapewa. Mwamuna ameneyu thabwa lokhota ankadziwa kuliwongola, koma pakati pa mayi ake ndi mkazi wake ankasowa pogwira.

"Amayi, mwina tikanangomulola kuti..."

"Iwe, izi si za matabwa. Ana onse akusewera mumsewumu, amayi awo anawauza ndani nthawi yonyamukira? Ine ndimayeza njira. Ikatseguka bwino ndimati tiyeni, tikafika sitikhala ndi pansi pomwe, mwana walira. Palibe wogona pakhonde, palibe wokalipiridwa. Lero mdzukulu wanga weniweni, woyamba, ndimusiye akagone pasimenti ngati alibe mwini? Anthu adzati chiyani? Adzati Anesi amathandiza ana a eni, wake anamutaya."

Sikuti mayiyu ankadana ndi mpongozi wake, ayi. Chiyambire mimbayo sankamulola kunyamula ndowa, ndipo chakudya chabwino chinkayamba kufika m'mbale ya Chete. Kungoti chikondi chawo chinali cha nkhuku yofungatira, yomwe nthawi zina imaswa dzira ndi kulemera kwake komwe. Chete anayang'ana mwamuna wake, mwamunayo anayang'ana kudenga, ndipo chikwama chinabwerera kuseri kwa chitseko cha kuchipinda.

Masana Chete anamutsatira mwamuna wake ku shedi. Anakhala pabenchi, natambasula miyendo yake yotupa.

"Mankhwala aja munamwa?"

"Ati?"

"Musandifunse kuti ati. Aja anandipatsa kuti ndidzakupatseni. Anati tikapanda kumwa tonse awiri, ine ndizingopeza bwino n'kudwalanso, ndipo tizilomboto timatha kumufikira mwana."

"Ine sindikumva kupweteka paliponse. Munthu wabwinobwino azimwa mankhwala? Kapena ukufuna kunena kuti matendawo ndabwera nawo ndine?"

"Sindikuloza munthu chala. Ndikunena za mwana."

Mankhwalawo anali m'chitini cha misomali pashelefu, momwe anawaponya tsiku lomwe anawalandira. Chete ankaona kapepala kake katasuzumira kunja.

"Inu, ine ndikuopa. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mimbayi ili pa ine, si pa amayi."

"Amayi sanalakwitsepo, funsa aliyense. Ndiye ine ndikawauze kuti sadziwa kanthu chifukwa cha kamtsikana ka yunifolomu kobadwa dzulo? Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto."

"Nanga moto ukayambira kudamboko?"

Kalipentala anaseka mpaka kuika chopalira pansi.

"Mimbayi yakupatsa pakamwa, eti? Mwana ameneyu adzakhala loya. Tasiya zodandaula, taona kabedika. Yendetsa dzanja apa. Ndapala mpaka kusalala, asadzabayidwe pena paliponse. Mipatayi ndayeza kuti mutu usadzapanikizike."

Chete anayendetsa dzanja. Kanali kokongoladi kabediko. Bamboyu anali ataganizira chilichonse chimene chingamupweteke mwana wake akadzabadwa, koma za mwana asanabadwe anasiyira ena.

Sabata inatha, ina n'kulowa. Anesi anayamba kukonzekera. Anachapa matewera atsopano kuti afewe, nawayanika pachingwe cha kuseri, ndipo kumapeto kwa chingwecho anayanika magolovesi awo.

Magolovesiwa ndi ofunika kuwafotokoza. Zaka zonse akukolopa, Anesi ankaona anamwino akuvala magolovesi, kumuyeza mayi kamodzi kokha n'kuwaponya mubini, ndipo mtima unkawapweteka. Ankati anamwino amataya chifukwa katunduyo si wawo. Popuma ntchito anatuluka ndi bokosi limodzi, ndipo awowo sankataya. Ankawachapa ndi sopo, kuwayanika, kuwathira paudala wa ana n'kuwasunga m'chitini cha mabisiketi. Bokosilo linatha kalekale, panangotsala ochepa, achikasu ngati mano a wosuta fodya, omwe anali atayenda m'nyumba zambiri za m'deralo. Kayezedwe anakaonera ndi maso ndipo anakagwira. Koma chifukwa chotayira magolovesi sichioneka ndi maso, ndipo panalibe amene anaganiza zomufotokozera munthu wogwira mopu.

Nsupa inasweka m'mawa wina Chete akusesa pabwalo. Anangomva madzi ofunda akutsika m'miyendo, tsache n'kugwa.

"Amayi, nsupa. Tiyeni."

"Msana ukupweteka?"

"Ayi."

"M'mimba mukukoka?"

"Ayi, koma paja anati..."

"Ndiye tikatani kumeneko? Talowa, ndione."

Anatsegula chitini cha mabisiketi, anamugoneka pabedi, namuyeza.

"Njira idakali yotseka, ngakhale kachala kamodzi sikakulowa. Ukapita pano ndiye mpeni uja. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Vala nsalu yoyera, ugone, ine ndili pompano."

Analidi pomwepo. Anamuyezanso dzuwa lili paliwombo, anamuyezanso litapendeka, n'kudzamuyezanso asanagone. Akamaliza ankatsukuluza magolovesiwo m'beseni, kuwakoloweka pachingwe, akauma pang'ono n'kuwavalanso. Sanali waulesi mayiyu. Akanakhala waulesi mwina nkhaniyi ikanatha bwino.

Tsiku lotsatira kupweteka kunayamba, koma kozengereza, kubwera n'kuthawa. Anesi anamuyendetsa kuzungulira nyumba, anamupatsa tiyi wotentha, anamusisita msana uku akumuimbira pansipansi, n'kumuyezanso. Anati zala ziwiri. Patapita nthawi anati ziwiri zomwezo. Chete atapeza mpata anakaima pakhomo la shedi atagwira felemu.

"Inu, kapempheni galimoto kwa agolosale. Madzi akungotuluka chiyambire dzulo."

"Amayi akuti bwanji?"

"Ndikukuuzani ndine."

Kalipentala anapukuta manja, napita kukafunsa mayi ake. Anabwerako akumwetulira ngati wabweretsa uthenga wabwino.

"Akuti mawa m'mawa ndithu tinyamuka, njira ikhala itatseguka. Akuti mimba yoyamba imatero. Pirira pang'ono, mkazi wanga. Taona, ndikupaka vanishi, pobwerako mudzapeza katauma."

"Ndionetsetse adathetsa nkhosa," anatero Chete, nabwerera m'nyumba akugwira khoma.

M'mawa mwake anadzuka akunjenjemera, mano akugundana, chonsecho thupi likuotcha. Madzi aja anali atasintha mtundu ndipo ankanunkha, fungo loti ngakhale utsegule mawindo silichoka. Mimba ukaikhudza pang'ono ankabuula.

"Ndi malungo awa," anatero Anesi, koma mawu awo anali atachepa. Fungolo ankalidziwa. Analimvapo m'kachipinda ka kumapeto kwa wodi, komwe ankawauza kuti akolope kawiri ndi mankhwala amphamvu. "Ndikuyeze komaliza, kenaka..."

"Musandigwirenso."

Anesi anaima, golovesi imodzi ili kudzanja.

"Ndati musandigwirenso, amayi. Mwana dzulo amatakataka ngati akuthawa chinthu, lero wangoti zii. Ine ndikupita. Ngati palibe wondiperekeza ndikagwera panjira, anthu akanditola."

Anadzuka, anakoka chikwama kuseri kwa chitseko, nayamba kuchikhwekhwereza kudutsa pabalaza. Anafika nacho pakhonde, n'kugwa pomwepo. Apo m'pamene Kalipentala anathamangira kwa agolosale osafunsanso munthu. M'galimotomo Anesi anamugoneka Chete pamiyendo pawo, akumupukuta thukuta ndi mpango, ndipo njira yonse sananene mwambi ngakhale umodzi.

Kuchipatala sanamugoneke pakhonde. Namwino wamkulu atangomugwira pachipumi n'kumva fungolo anaitana anzake. Anamukweza pabedi la mateyala, anamuika diripi, anamvetsera mtima wa mwana, nayang'anana.

"Nsupa inasweka liti?"

"Dzana m'mawa," Chete anayankha.

"Dzana? Nanga munali kuti nthawi yonseyi?"

"Timadikira njira," Anesi analowerera. "Ndimamuyeza ine. Inali isanatseguke."

Namwinoyo anatembenuka, nawayang'anitsitsa. Anali mayi wa imvi zake, wokhalitsa pachipatalapo.

"Si inu amayi munkatikolopera muno?"

"Ndine."

"Mwati mumamuyeza. Kangati?"

"Sindinawerenge."

"Ndi chiyani?"

"Ndi magolovesi. Ochapa bwinobwino, ndi sopo."

Namwinoyo sanakalipe. Bola akanakalipa, munthu umapeza poyankhira. Anangotsinzina kanthawi, kenaka anauza anzake kuti athamange akakonze ku fiyeta, kochitira opaleshoni. Mpeni umene Anesi ankauthawa uja unabwera ndithu.

Mwana anabadwa wamwamuna, wamoyo, koma sanalire monga alirira ana. Anathamanga naye kuchipinda cha makanda odwala. Madzulo ake namwino uja anawapeza Kalipentala ndi mayi ake pabenchi ya m'khonde, wina uko wina uko. Anakhala pakati pawo, navula nsapato imodzi chifukwa cha kutopa.

"Ndikuuzeni kuti mudziwe, osati kuti ndikuweruzeni. Mwana m'mimba amakhala m'thumba lotseka, ngati m'nyumba yokhoma. Nsupa ikasweka ndiye kuti chitseko chatseguka. Tizilombo timene tili kunjira timayamba kukwera, ndipo nthawi ikamatalika timachulukana. Chala chilichonse cholowa chimatikankhira m'kati, ngakhale chathu chomwe. N'chifukwa chake nsupa ikasweka ifeyo timayeza mwa apo ndi apo, ndi magolovesi ongotuluka kumene m'pepala lake. Sopo wochapira saphetsa tizilombo tonse. Mimba yoyamba imachedwa kale payokha. Ndiye mtsikanayu analinso ndi matenda kunjira, tinamupatsa mankhwala a anthu awiri. Bambo, anu munamwa?"

Kalipentala anayang'ana zikhadabo zake, momwe munali mutalowa vanishi.

"Thumba lonse linagwidwa ndi matenda, ndi madzi omwe," namwino anapitiriza. "Mwana wakhala m'madzi amenewo. Mayi ake ndikuona kuti apulumuka, chiberekero sitinachotse. Za mwana tikuyesetsa, koma sindikulonjezani."

"Nanga ena onse aja?" Anesi anafunsa. "Onse ndinkawayeza, ankachira bwinobwino."

"Ena munkawapeza nsupa isanasweke, ena ankachira msanga. Ena ankabweranso kuno atatentha thupi patapita masiku, ife osadziwa kuti zachokera kuti. Amayi, inu munkakolopa bwino kuposa onse, wodi inkawala. Ndikanadziwa kuti uku mukukolopa mukuphunziranso zina, ndikanakukhazikani pansi n'kukufotokozerani. Pamenepo tinalakwa ife. Zoti timagoneka anthu pakhonde sindikana, mabedi ndi ochepa, ndipo pakamwa pathu nthawi zina pamatentha mpaka anthu kutiopa. Koma simenti sinaphepo mwana."

Anavala nsapato yake napita. Mayi ndi mwana wake anatsala pabenchipo.

"Amayi, munati simunalakwitsepo."

"Iwenso unati sukudwala."

"Ine ndinadalira inu."

"Unadalira ine chifukwa zinali zophweka. Mkazi wako anabwera ku shedi kawiri, ndinamuona. Ukanakhala mwamuna ukanandikankhira kumbali."

"Ndikanakukankhani mukanandilola kugona m'nyumba?"

Onse awiri ankanena zoona, koma zoonazo sizikanatsitsa kutentha kwa thupi la khanda limene linali kuseri kwa khomalo.

Mwanayo anakhala masiku ochepa. Anamwino ankamukankha Chete panjinga ya odwala kuti akamuone. Ankamupeza ali ndi timapaipi m'mphuno, kachifuwa kakukwera ndi kutsika mofulumira ngati ka mwanapiye. Ankamufinyira mkaka m'kakapu, ankamugwira kaphazi n'kumamuuza kuti kunyumba kuli kabedi kosalala. Anesi sankalowa, ankaima pawindo manja ali kumbuyo. Kalipentala anapita kunyumba, anakhuthula chitini cha misomali, nayamba kumwa mankhwala aja osaphonya, ngati kuti pali wina akumuonerera.

Mwana anamwalira m'mawa wina dzuwa litangotuluka, asanamutche ndi dzina lomwe. Bambo ake anatenga matabwa otsala popanga kabedi n'kukhoma kabokosi. Anakapalanso mpaka kusalala. Ndi zinthu zowawa kuzinena, ndipo amene anamva nyundo ikulira mu shedimo tsiku limenelo analowa m'nyumba zawo. Anthu atafunsa chimene chatenga mwana, pakhomopo anayankha kuti malungo, ndipo anthu anapukusa mitu n'kunena kuti chaka chino malungo avuta.

Chete anatuluka m'chipatala patapita masabata, akuyenda chowerama chifukwa cha bala. Pakhomo panali zii. Matewera aja wina anali atawaanula, koma magolovesi anali pachingwe pomwepo, dzuwa litawamata pawaya. Panalibe wolimba mtima kuwakhudza. Chikwama chinabwerera kuseri kwa chitseko zonse zili momwemo, tinsalu, tizipewa, timasokosi, chifukwa nachonso panalibe wolimba mtima kuchimasula.

Posakhalitsa mkulu wake wa Chete anabwera kudzamutenga kuti akapume kwawo. M'mawa wa ulendowo Anesi anagogoda pachitseko cha kuchipinda, chinthu chimene anali asanachitepo m'nyumba imeneyo. Anakhala pansi pafupi ndi khomo. Kalipentala anali ataima pawindo.

"Mwananga, ndinene chiyani?"

"Palibe choti munene, amayi."

"Ndimafuna kukupulumutsa ku mpeni."

"Ndikudziwa, n'chifukwa chake zikundiwawa. Mukanakhala kuti mumandida ndikanathawa tsiku loyamba lomwelo. Koma munkandisisita msana."

"Safunsa adadya phula. Zaka zonse zija anamwino ndinali nawo pafupi, pakamwa ndinali napo. Ndinkaopa kuti akandiseka, wokolopa afunsiranji za magolovesi."

"Ine ndimakwiyira inu, ndimakwiyira awa, koma kwambiri ndimadzikwiyira ndekha. Ku sikelo anauza ine, ndi makutu angawa. Miyendo ndinali nayo. Ndinaopa kuti mudzati mwalandira mpongozi wamwano. Ulemu umenewo ndi umene takauika m'manda uja."

Anesi anaphimba nkhope ndi mpango. Analira mosatulutsa mawu, mapewa okha akugwedezeka.

"Udzabwerera?" Kalipentala anafunsa osatembenuka.

"Sindikudziwa. Bala likapola ndidzaganiza."

"Mankhwala aja ndinamaliza."

"Mwachita bwino."

Anayankha mofatsa, popanda mnyozo, ndipo kufatsako kunamupweteka mwamunayo kuposa kutukwanidwa.

Anatuluka onse kukaperekeza, mkulu wake atasenza mtolo wa zovala. Asanafike pageti kunalowa mayi wina wogulitsa tomato kumsika, wokhala nyumba yachitatu kuchokera pamenepo, akupuma wefuwefu.

"Anesi, pepani, ndikudziwa kuti muli pachisoni. Mwana wanga nsupa yasweka m'mawawu, koma sakumva kanthu. Mimba yoyamba, mukudziwa. Tabwerani mudzamuyeze, tisakachite manyazi kuchipatala."

Chete anayang'ana apongozi ake, apongoziwo anayang'ana kuchingwe.

"Sindimuyeza," anatero Anesi. "Ndipo asamugwire wina aliyense. Pitani naye tsopano lino. Akakukalipirani, pepesani. Akakugonekani pakhonde, gonani."

"Koma Anesi, inu nthawi zonse mumati..."

"Sindine nesi ine. Ine ndinkakolopa. Mdzukulu wanga sanafe ndi malungo. Wafa ndi kudikira, ndi manja angawa, ndi zinthu zili pachingwezo. Mukawauze ndi ena omwe kumsikako."

Kalipentala anali atatuluka kale pageti, akuthamangira kwa agolosale.

"Ndiye titani ife?" mayi wa tomato uja anadandaula. "Sitinalongedze kanthu, timayesa kudakali masiku. Ngakhale kansalu kofunditsa mwana sindinachape."

Chete anabwerera m'nyumba pang'onopang'ono, dzanja lili pabala. Anatuluka akukhwekhwereza chikwama chija.

"Tengani ichi. Zonse zilimo, zochapa kale. Sizinavalidwepo."

Mayiyo anafuna kukana, misozi ili m'maso, koma Chete anamukoloweka lamba paphewa, namutembenuzira kumsewu. Galimoto ya agolosale inamveka ikulira kuseri kwa mpanda. Chikwamacho chinatuluka pageti, ndipo ulendo uno panalibe wonena kuti chibwerere.